Anaika Windows pamwamba pa mawu a mayi anga

Anthu a pa sitolo ina ya makompyuta ku Unit C afufuta mawu a malemu mayi anga n'kuikapo Windows. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene muli pachangu mumve mutu wa nkhani musanadutse. Dzina la sitoloyo sinditchula. Musaganize kuti ndikuwamvera chisoni. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku, ndipo n'chimene chikundidya mumtima kuposa zonse.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimagwirira ntchito pakhomo ku Zengeza 2. Makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalata a ana osaka ntchito, zonsezo zimatuluka m'kompyuta imodzi. Kompyutayo sindinaigule yathunthu. Ndinaimanga ndekha, kachida kamodzi mwezi uno, kena mwezi wamawa. Bokosi lake ndinachita kupempha kwa munthu amene ankafuna kulitaya. Mulibe sikuluwu m'menemo imene sinadutse m'manja mwanga.

Mkati mwake muli madisiki awiri. Ina ndi yakale, yochedwa, imalira ngati chigayo cha patali, ndipo ili ndi Windows. Imeneyo ndi ya aliyense: ntchito zanga, komanso magemu a ana a mchemwali wanga, amene amabwera Loweruka n'kumadina chilichonse chowala. Inayo ndi yatsopano, yaing'ono, yothamanga, ndipo ili ndi Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Imeneyo ndi yanga ndekha. Ndikayatsa kompyuta ndimadina batani la F12, iyo imandifunsa kuti tilowe kuti, ine n'kusankha. Ukalowa ku Windows, zimene zili m'disiki ya Linux suziona n'komwe. Ndinachitira dala, kuti zala za ana zisakafike kumeneko.

M'disiki ya Linux ndi mmene munali mayi. Chaka chawo chomaliza ndinkawajambula mawu pafoni. Akuimba nyimbo za kutchalitchi uku akuchapa. Akusimba za kumafamu kumene anakulira. Akudandaula kuti mafuta ophikira a masiku ano ndi madzi okhaokha. Foniyo inadzabedwa m'kombi, minibasi ya kuno, koma zonse ndinali nditasamutsa kale. Ndiye inu amene mwakonzeka kundifunsa kuti bwanji sindinasunge pena, musavutike. Penapo panali pamenepo. Disikiyo ndinaigulira zimenezo basi.

Bambo anga anachita sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Dzanja lamanja silinyamuka, mawu amatuluka limodzilimodzi, mwina tsiku lonse osatuluka. Zidzukulu zawo zimamva Chichewa koma zimayankha m'Chishona. Ine ndimakhala maso ali pa ntchito. Munthu amene amacheza ndi bambo m'chilankhulo cha kwawo, mosathamanga, ndi mayi, kudzera m'kasipika kakang'ono ka patebulo. Tsiku lililonse akatha kumwa tiyi wa madzulo amaloza kompyuta ndi chala cha kumanzere. Ine ndimasiya zimene ndikuchita, kutseka Windows, kudina F12, kulowa ku Linux. Pali nyimbo ina imene mayi amaidula pakati n'kunena kuti, "A Phiri, tsekani chitseko, nkhuku zilowa." Bambo akamva pamenepo amatembenuka kuyang'ana chitseko, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Amatero tsiku ndi tsiku. Nkhuku tinasiya kuweta kalekale.

Ndiye mvetserani zimene zachitika.

Sabata yathayi magetsi anazima tsiku lonse, pobwera anabwera ndi ukali. Ndinangomva kuti phwa, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Nditatsegula bokosi ndinapeza kuti yapsa ndi bodi, thabwa lija limene zida zonse zimalumikizidwapo. Madisiki ankaoneka abwinobwino. Ndinazungulira masitolo, bodi yogwirizana ndi zida zanga n'kuipeza pamalo amodzi okha, ku Unit C kuja. Ndinanyamula bokosi langa pamiyendo m'kombi ngati mwana wodwala.

Wokonza makompyuta pamenepo ndi bambo wa msinkhu wanga. Anzake amamutcha Injiniya, ndiye nanenso ndimutcha choncho, ngakhale kukamwa kukuwawa. Atamva ndikuyankha foni m'Chichewa anamwetulira. Akuti agogo ake nawonso anachokera ku Malawi, akuti ndife amodzi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona ngati ana a mchemwali wanga. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati apa ndafika kwa mbale.

Lamulo lawo loyamba: bodi sagulitsa kuti munthu akaike yekha. Aike iwo, apo ayi uzipita. Ndinati chabwino, ikani, koma disiki yaing'onoyi ndichotse ndibwerere nayo. Sikuludiraiva ndinali nayo kale m'manja. Injiniya anaika dzanja lake pamwamba pa bokosi. Akuti isiyeni sisi, tiyenera kuyesa ngati zonse ziwiri zikudzuka pa bodi yatsopano, mukaichotsa mawa mubwera kudzatiimba mlandu. Zinamveka zanzeru. Ndinabweza sikuludiraiva m'chikwama.

Koma sindinangochoka. Pali lamulo limene aliyense womanga kompyuta ya madisiki awiri amalidziwa: ukafuna kuika Windows pa disiki ina, inayo uyambe waizula chingwe. Sichifuna sukulu chimenechi, chimangofuna zala ziwiri. Ndinamuuza. Ndinatenga tepi yofiira n'kukulunga chingwe cha disiki ya Linux iye akuona. Ndinabwereka cholembera chake chomwe n'kulemba pa disikipo zilembo zazikulu: MUSAKHUDZE. Ndinafotokoza m'Chichewa, ndinabwereza m'Chishona, ndinamaliza m'Chingerezi. Ndinamuuza za mayi, za bambo, mpaka za nkhuku. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pafoni yake.

"Hapana problem, sisi. Huyai mangwana."

Palibe vuto, mubwere mawa. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri sabata imeneyi, moti ndikumawalota.

Mawa lake linali Lachitatu. Ndinafika mmawa, mayi wa pakauntala akuti Injiniya wathamangira kutauni, akubwera pompano. Pompano wake anakwana 2 koloko masana. Analowa akuimba likhweru. Anakoka bokosi langa, n'kulilumikiza, n'kundiuza kuti ndione zodabwitsa. Anadina batani. Ndisanaphethire n'komwe, Windows anali atadzuka kale, watsopano, woyera, wopanda kanthu kalikonse kanga.

Disiki yakale ija ndimaidziwa, ndimatha kuthira tiyi isanadzuke. Singathamange choncho ngakhale mutaipempherera.

Ndinati zimitsani, muyatsenso. Ndinadina F12 ndekha. Pa sikirini panatuluka Windows, pansi pake Windows winanso. Linux panalibe.

Apa ndi pamene ndinaona kuti munthu angathe kusintha nkhani katatu asanameze malovu. Poyamba akuti pa mabodi atsopano Linux imabisala, imatuluka yokha pakapita masiku. Imabisala? Ndi mbewa? Kachiwiri akuti disiki yaing'onoyo inapsa ndi magetsi aja. Ndinamufunsa kuti ngati inapsa, Windows wothamangayu akuthamangira pa chiyani. Anakanda m'mutu. Kachitatu ndi pamene chilungamo chinatuluka. Windows wakale anakana kudzuka pa bodi yatsopano, iye n'kuganiza zoika wina. Pofika posankha disiki anaona yaing'onoyo. Popeza Windows sazindikira za Linux, kwa iye inaoneka ngati ili ndi zinyalala. Ndiye poti ndi yothamanga, akuti anafuna kundikomera mtima. Anafufuta zonse, n'kuikapo Windows. Ananena yekha kuti makasitomala ena amathokoza akawachitira zimenezi.

Ndinafunsa, nanga tepi yofiira? Akuti ankayesa kuti chingwe chinang'ambika ndiye ndinachimata. Nanga MUSAKHUDZE? Akuti iye Chichewa amangomva, kuwerenga satha. Nanga zimene ndinanena m'Chishona? Akuti tsiku limenelo m'sitolo munadzaza anthu. Munali ine, iye, mayi wa pakauntala ndi mphaka.

Magemu a ana onse alipo, musadandaule. Galimoto zonse zothamangitsana zili bwinobwino pa disiki yakale. Palibe ngakhale imodzi imene inasowa.

Ndinakhala pa kireti ya mabotolo imene inali pakona, ndipo ndinalira. Sindibisa. Ndinalira pamaso pa munthu amene anabwera kudzagula chaja ya foni.

Nditapukuta misozi mutu unayambanso kugwira ntchito. Amene simudziwa za makompyuta, imvani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chinthu chikafufutidwa pa disiki, nthawi zina sichifa pomwepo. Chimatsalira pansi mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ndiye chochita ndi chimodzi: zimitsa, zula disiki, usaiyatsenso. Mphindi iliyonse imene Windows akuyenda pa disikiyo, akupondaponda zimene zatsala. Ndinati ndipatseni disiki yanga ndikafune thandizo kwina.

Lamulo lawo lachiwiri linatulukira pamenepo. Akuti makina amene ali ndi dandaulo satuluka m'sitolo mpaka mwini sitolo awaone. Mwini sitolo ali kuti? Ali ku Joni, akugula katundu. Abwera liti? Sakudziwa, zimatengera pamalire. Muimbireni foni. Akuti akakhala kunja sayankha. Ndalama ya bodi ndinali nditalipira kale yonse, kompyuta ndi yanga, disiki ndi yanga, mawu ndi a mayi anga, koma pabokosi anali atamatapo kasitika kawo, ndipo kasitikako kanali ndi mphamvu kuposa ine. Injiniya akuti ndisade nkhawa, ali ndi pulogalamu yobwezeretsa zinthu, ndibwere Lachisanu. Ndinamulumbiritsa kuti disikiyo aizule, aifufuze ali pa makina ena. Analumbira, dzanja lili pachifuwa.

Lachisanu anandilandira ngati mlendo wolemekezeka. Anatsegula laputopu yake. Munali mafailo mulu, opanda maina, manambala okhaokha. Ambiri akawadina ankangolira phokoso ngati wailesi yosowa siteshoni. Kenako anadina ina.

Anali mayi.

Mizere iwiri ya nyimbo ija, mawu awo enieni, ndi madzi akuchucha m'beseni chakumbuyo. Kenako, "A Phiri, tseka..." n'kuduka. Phokoso basi. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa fulashi. Ndinati achimwene, chonde, kameneka kokha ndiikireni, bambo akamve lero.

Anatseka laputopu. Akuti zonse zidzaperekedwa pamodzi ntchito ikatha, safuna kugwira ntchito ya zidutswazidutswa. Kenako anatsitsa mawu. Akuti wamva kuti ine ndimalembalemba pa intaneti. Akuti makasitomala ena amathamangira kukanyoza sitolo, ndiye munthu umagwa ulesi, zinthu zimatha kusowanso. Ananena akumwetulira, ngati akundipatsa malangizo a ubale.

Ndinangofunsa kuti disikiyo akuifufuzira pa makina ati. Analoza bokosi langa lomwe. Sanaizule. Pulogalamu yake yobwezeretsayo anaiika pa disiki yomweyo, pa Windows yemweyo, pamwamba pa mayi pomwepo. Nditamuuza kuti akuwononga zimene akufunazo, anati sisi, inu mumapanga makadi a ukwati, izi tisiyireni ife. Huyai mangwana.

Dzulo, Lolemba, ndi pamene ndinaona mapeto a chipongwe. Ndinalawirira, osawauza kuti ndikubwera. Pasitolo paja amagulitsanso mafilimu ndi nyimbo, munthu amabwera ndi fulashi yake iwo n'kumuikira. Ndinapeza mzere wafika pakhomo. Pakauntala, pamene pamakhala makina awo, panali bokosi langa. Ndinalidziwa ndi pamene linakandika pambali. Linali loyaka. Mayi wa pakauntala akudina, akuseka ndi makasitomala, mafilimu akuyenda.

Ndinamufunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Anayankha osachita manyazi ngakhale pang'ono. Akuti makina awo akhala akuchedwa, ndiye Injiniya anati agwiritseko angawa, poti akungokhala. Akuti anathira mafilimu awo onse m'menemo Loweruka. Mpaka anandiyamikira. Akuti sisi, kompyuta yanuyi ikuthamanga bwanji.

Mafilimu a karate. Mafilimu a anthu olankhula ndi mizukwa. Mmene munali mayi anga akuimba ndi mmene anathiramo zimenezo, kuyambira Loweruka, Lamlungu lonse, mpaka dzulo.

Sindinakuwe. Ndinazungulira kauntala n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Sikirini inada. Bambo wina amene filimu yake inali pakati anayamba kundinena kuti ndine wamisala. Ndinatulutsa sikuludiraiva. Ndinali nditamasula sikuluwu imodzi pamene mlonda wa pamalopo anandigwira dzanja. Akuti amayi, uwu ndi katundu wa m'sitolo, mukatsegula ndiye kuba. Kuba! Bokosi limene ndinalitsuka ndekha ndi kansalu. Injiniya ali kuti? Wathamangira kutauni.

Ndinakhala pa kireti paja chingwe chili pamiyendo, kuyambira mmawa mpaka nthawi yotseka. Sindinadye. Kuchimbudzi sindinapite, kuopa kuti ndikangotembenuka ayatsa. Kunyumba ndinachita kupempha neba kuti akawapatse bambo tiyi. Injiniya sanabwere. Potseka ndinaika chingwecho m'chikwama, mayi wa pakauntala n'kundiyang'ana momvera chisoni. Anakankha katoni ina ndi phazi kuti ndione. Inali yodzaza zingwe ngati chomwecho.

Ndiye ndiuzeni inu, nditani? Ena munena kuti pita ku polisi. Ndikapita, laputopu ija ili m'manja mwa ndani? Kufufuta kafailo kaja n'kudina kamodzi. Ena munena kuti tenga anyamata mukalande bokosi. Tikalanda, ndipeza disiki yodzaza karate, ndipo mizere iwiri ija itsala kwa iye. Ndikalisiya, akuliyatsa. Ndikakalipa, agwa ulesi. Ndikakhala chete, akuti ndavomera. Munthu amene anawononga ndi yemweyo amene wagwira kachidutswa kotsala, ndipo ndikuyenera kumusekerera.

N'chifukwa chake dzina sinditchula. N'chifukwa chakenso ndalemba zonsezi m'Chichewa, poti ananena yekha kuti kuwerenga satha. Amene mwamuzindikira, chonde musamumasulire. Ndikupempha. Tsiku limene kafailo kaja kadzalowe m'fulashi yanga, ndidzamasulira ndekha m'Chishona chomveka bwino, dzina la sitolo lili pamwamba.

Inu amene muli ndi kompyuta ya madisiki awiri, imvani kwa ine. Isanatuluke pakhomo panu, zulani disiki imene simungapirire kuitaya, muike m'thumba, mupite nayo. Akakuuzani kuti tiyenera kuyesa, auzeni kuti mudzayesa nokha kunyumba. Akaika dzanja pabokosi, lichotseni. Tepi siteteza. Cholembera sichiteteza. Zoti ndife amodzi, agogo athu anachokera kumodzi, nazonso siziteteza.

Mafunso anga ndi awa, ngakhale Injiniya sawawerenga. Munthu amene sadziwa disiki ya Linux akaiona, anamupatsa ndani sikuludiraiva? Lamulo lotsekera katundu wa kasitomala linalembedwa pati? Ngati makina ali ndi dandaulo moti sangatuluke, bwanji angathe kugulitsa mafilimu? Ndipo kundipatsa mizere iwiri ya nyimbo ya mayi anga kukanamuchotsera chiyani?

Kunyumba patebulo patsala sikirini ndi kasipika. Bambo ndinawauza kuti kompyuta ili kokonzetsa. Tsiku loyamba anagwedeza mutu. Tsiku lachiwiri analozabe. Akulozabe mpaka pano, tiyi akangotha, chala chili pamalo pamene pankakhala bokosi.

Lero ndinalephera kupirira. Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, n'kuyamba kuimba ndekha nyimbo ija. Mawu anga ndi okhakhala, koma nyimboyo ndimaidziwa. Bambo anatseka maso. Nditafika pamene mayi amadulira, ndinadula nanenso. Chibadwire sindinawatchulepo bambo anga dzina limeneli, koma ndinanena.

"A Phiri, tsekani chitseko, nkhuku zilowa."

Sanatembenuke. Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundisisita dzanja ngati akupepesa mwana. Kenako anatulutsa mawu awo a tsiku lonse.

"Amayi ako."

Analozanso patebulo.

Mawa ndikwera kombi yoyamba ya ku Unit C. Ndimugulira Injiniya chakumwa chozizira, ndimupatsa moni wa achimwene, ndiseka nthabwala zake. Fulashi ili kale m'chikwama. Akakananso, ndili ndi pempho limodzi lokha: akwere nane kombi yobwerera, adzakhale pampando umene ndinakhala lero, awauze yekha bambo kumene anawaika akazi awo. Asadandaule za chilankhulo, Chishona bambo amamva. Tiyi amamwa 4 koloko.